Loko wa Pakhomo la Mng'ono Wake

Mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta ankagwira ntchito pakampani yopanga maloko otsegula ndi mawu achinsinsi. Ubongo wa lokoyo unali kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, ndipo iye ndi amene ankakalembera malangizo m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C, kuti kazisankha zilembo ndi manambala mwachisawawa, zoti munthu sangazilote.

M'mawa wina anali patebulo lake, pakati pa mawaya ndi timasikulu, akuyesa loko watsopano. Anachotsa batire, n'kulibwezera. Pagalasi la loko panatuluka mawu akuti RX4M9T. Anachotsanso, n'kubwezera. RX4M9T.

"Wamagalasi, tabwerani," anaitana mnzake wa tebulo loyandikana.

Wamagalasi anabwera akutafuna cholembera. "Loko wanuyu ali ngati amalume anga, nthano ndi imodzi yomweyo chaka chonse."

Mayiyo sanaseke. Anatsegula pulogalamu ija n'kutsata mzere ndi mzere mpaka anapapeza. Kompyuta siidziwa kusankha mwachisawawa: imayamba ndi nambala imodzi, imene iwo ankaitcha mbewu, n'kuisakaniza mpaka zilembo zituluke. Mbewu ya loko inkachokera ku wotchi yake yam'kati. Batire likachoka, wotchiyo inkabwerera pa ziro, loko n'kuiwala mawu amene mwini wake anaika, n'kusankhanso kuchokera pachiyambi. Mbewu yomweyo, mawu omwewo, m'loko aliyense.

Anawayang'ananso mawuwo. Ankawadziwa. Loko woyamba wa mtunduwu anamumangirira yekha pakhomo la mng'ono wake, nthawi imene mng'onoyo anali adakali pabanja. Mlamu wake anawaloweza tsiku lomwelo, akuwaimba ngati nyimbo. Kenako banjalo linafika pa zibakera, khoti linamuletsa mwamunayo kuyandikira nyumbayo, mawu anasinthidwa. Koma anthu oyandikana nawo ankati amamuonabe masana, ataima pakhomo, akudina mawu akale aja ngati kuti tsiku lina chitseko chidzamumvera chisoni.

Ndipo dzulo lake mng'onoyo anali atanena pafoni kuti, "Achemwali, loko wanu uja akulira ngati mwanapiye. Mawa ndimugulira batire."

Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Analemba uthenga: usakhulupirire loko, koloweka tcheni, tsekereza chitseko. Anauza Wamagalasi kuti aimbire apolisi, n'kutuluka akuthamanga, chikwama kuchisiya pampando.

Wanjinga yamoto anamunyamula pageti. Pamsewu panali mdipiti wa magalimoto, ndipo ankadutsa pakati pa mabasi mawondo akukhula zitsulo. Foni inali m'manja, chete.

Nyumba ya mng'onoyo inali pamwamba, m'chinyumba chosanjikizana. Anakwera masitepe akuthamanga. Atakhota komaliza, anaona msana wa jekete yofiirira.

Mwamunayo anacheuka, n'kumwetulira bwinobwino ngati akumana paukwati.

"Alamu! Mwasowatu. Mukuthamangira kuti?"

"Alamu, chokanipo pamenepo. Mukudziwa zimene khoti linanena."

"Khoti silinabereke mwana wanga," anatero mofatsa. "Ndangobwera kudzamuona. Inuyo mukuopa chiyani, si loko wanu ndi wanzeru?"

Anatembenukira kuchitseko n'kuyamba kudina, pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo. Mayiyo anafuna kumugwira mkono, koma anabweza dzanja. Anali ataona m'thumba la jekete mukutuluka chigwiriro cha nyundo.

Loko anawala zobiriwira. Khethe!

Mwamunayo anaima kaye, iyenso osakhulupirira. Kenako anakankha. Chitseko chinatseguka pang'ono polowa dzanja, n'kuima. Tcheni chinali chitakoka. Kuseri kwake kunaoneka mbali ya kabati, ndipo m'katimo mwana anayamba kulira.

"Tsegula!" anakuwa, kumwetulira kuja kutatheratu. Anagunda ndi phewa, sikulu imodzi ya tcheni n'kudumphira pansi. Anagundanso.

Apa mayiyo sanadikirenso. Anakuwa mmene sanakuwirepo chibadwire, akumenya zitseko za anthu ndi zikhato. Panatuluka telala ndi lumo lake m'manja, panatuluka amayi ena ndi mopu, pansi alonda anayamba kukwera akufunsa chachitika n'chiyani. Mwamunayo anawayang'ana onsewo, anakonza kolala ya jekete, n'kutsika masitepe osathamanga. Podutsa pa mayiyo anamunong'oneza, "Zikomo alamu, ponditsegulira." Apolisi anakumana naye pageti.

Panatenga nthawi kuti mng'onoyo avomere kusuntha kabati. Anatuluka tsitsi lili ndi sopo, mwana ali m'chiuno.

"Ndinali kubafa, achemwali. Uthenga wanu ndauona iyeyo akukwera kale, ndinamumva kutsokomola."

Mayiyo anatembenukira kuchitseko. Anabwereka sikuludiraiva kwa telala n'kuyamba kumasula loko uja, koma inkangoterereka m'manja, mpaka telala anamulanda n'kumasula yekha. Anaitanitsa kalipentala kuti adzaike loko wa kiyi ndi mpiringidzo.

Foni inalira. Anali Wamagalasi, ndipo ulendo uno munalibe nthabwala m'mawu mwake.

"Ali bwino?"

"Ali bwino."

"Abwana akuti mubwere msanga. Ndawaonetsa zija. Akufunsa kuti kodi ndi maloko onse amene tinagulitsa."

Mayiyo anayang'ana m'khonde lalitali lija. Zitseko zingapo zinali ndi loko yemweyo, timagetsi tawo tikuphethira mwakachetechete.

"Onse," anatero. "Auzeni ayambe kuimbira anthu. Aliyense asasinthe batire."