Paipi Yopita ku Pampu ya Alhaji

Alhaji Dawuni ankafuna magetsi afike pa pampu ya chitsime chawo chatsopano, kuseri kwa mpanda. Ine Wumbei, wa zamagetsi, ndinakumba ngalande kuyambira pakhoma la khitchini, n'kuyalamo paipi, n'kukwirira. M'kati ndinangosiyamo chingwe chodzakokera waya.

Paipi yopanda waya imanyamula mawu. Ndinazindikira zimenezi masana ena nditagwada kuchitsime, ndikumanga bokosi la swichi. Pansi pa dothi panali kutuluka nyimbo. Anali Sanatu, mwana wamkazi wa Alhaji, akusenda zilazi pafupi ndi kamwa ina ya paipiyo.

Ndinaika pakamwa. "Oimba inu, zilazi zikudandaula."

Anakuwa, mpeni n'kugwa. Kenako ndinamva kuseka.

"Ndiwe, mfuko iwe? Umakhala pansi pomwepo?"

Pabwalo tinkangopatsana moni, iye atanyonyomala, maso pansi. Koma m'paipi ankanditchula mfuko, n'kumandiuza maloto ake, ndiponso kuti nyanja sanaionepo. Ine ndinkamuuza kuti ndidzamutengera kunyanja ku Takoradi, ngakhale nanenso ndinali ndisanapiteko.

Ndinauza Alhaji kuti waya woyenera wasowa mumzinda wonse wa Tamale. Wayayo anali m'thumba kunsi kwa bedi langa.

Tsiku lina Alhaji anandiitana. "Mwana wanga, Lachisanu lisanafike madzi atuluke. Kubwera anthu ambiri." Sananene kuti anthu anji, ndipo munthu wamkulu sumufunsa.

Kulowetsa waya kumafuna anthu awiri, wina wokankha, wina wokoka. Azakhali ake a Sanatu anati, "Mtengeni ameneyu akuthandizeni. Masiku ano sachoka pakhoma apo, kaya pali uchi." Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinamangirira waya kuchingwe, n'kumuonetsa Sanatu kakankhidwe kake, ndipo ndinazungulira mpanda. Ndinagwada.

"Sanatu, usanayambe. Ndalankhula ndi abambo anga aang'ono. Abweretsa mtedza wa kola kwa Alhaji, monga mwa mwambo, kudzandifunsirira ukwati."

Ndinaika khutu pa paipi.

"Sanatu?"

"Kola anabwera kale, Wumbei. Ngalande yako usanayambe n'kukumba komwe. Bambo analandira, n'kugawira abale onse. Anatafuna."

"Wa ndani?"

"Wa amene anagula pampu wagwadirayo. Madziwa ndi a alendo a ukwati."

Ndinayang'ana pampuyo. Yatsopano, yobiriwira, pulasitiki isanachotsedwe bwino.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ukanamaliza ntchito tsiku lomwelo n'kumapita." Anatsitsa mawu. "Ndimadziwa kuti waya sanasowe. Koka, mfuko. Azakhali akundiyang'ana."

Ndinakoka. Chingwe chinkabwera pang'onopang'ono, ndipo m'manja mwanga ndinkamva pamene iye akukankha ndi pamene waima. Pena anaima nthawi yaitali ndithu. Sindinakoke. Ndinadikira mpaka anayambanso yekha.

Mutu wa waya utatulukira, ndinaitana Sanatu. Mawu anga anangothera pakamwa pa paipi.

Ndinalumikiza mawaya m'bokosi, n'kumata pakamwa paja kuti nyerere ndi madzi amvula zisalowe. Nditayatsa, pampu inalira, madzi n'kuyamba kugwera m'thanki. Kuseri kwa mpanda akazi anaimba nthungululu.

Alhaji anabwera, nagwira dzanja langa ndi manja onse awiri.

"Lachisanu usasowe, mwana wanga. Udzationerenso za magetsi a pabwalo."

"Chabwino, Alhaji," ndinatero.