Nyimbo Zotsekeredwa M'disiki

Dzina lakuti Pasiwedi sanabadwe nalo bambo aja. Anachita kupatsidwa ndi makasitomala awo, ndipo silinali la chikondi. Ankakonza makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa telala ndi mayi wogulitsa magalasi a maso. Luso anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto linali pakamwa. Munthu ankabwera kudzangosinthitsa batire, koma ankatuluka atalalikiridwa ola lathunthu, makutu ali psuu.

Ulaliki wawo unali umodzimodzi. Sisitimu imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, ija imabwera kale m'kompyuta pogula, iwo ankaitcha nyumba yopanda chitseko. "Wakuba sachita kuthyola," ankatero, "amangolowa n'kukhala pampando." Iwo ankakhulupirira sisitimu ina yaulere, imene anthu odziwa amailemba mothandizana, ndipo ukangocheuka ankakuikira osakufunsa. Mphunzitsi wina anabwerera katatu, misozi ili m'maso, akuti sakuonanso pamene pali mayeso a ana. A Pasiwedi anamuuza kuti adzawathokoza tsiku lina. Sanawathokoze, anangopita kwina. Enanso anapita kwina mmodzimmodzi, mpaka masiku ena munthu yekhayo amene ankagogoda pachitseko chawo anali telala, kudzabwereka mpando.

Koma ngati panali anthu amene a Pasiwedi ankadana nawo ndi mtima wonse, anali obena nyimbo, aja amakopera nyimbo za eni ake n'kumaikira anthu m'mafulashi ndi m'mafoni. Mmodzi anali tsidya la msewu, pansi pa ambulera yofiira, ndi tebulo, kompyuta yafumbi ndi sipika yaikulu. Ankamutcha Rimikisi. A Pasiwedi anamutchapo mbava yokhala ndi sipika, pamaso pa makasitomala ake, ndipo kawiri konse anakamunenera kwa akuluakulu a mzinda. Kwa zaka zisanu ndi zitatu anthu awiriwa ankaonana tsiku ndi tsiku osapatsana moni.

Chidanichi chinali ndi pochokera. Akazi awo a Pasiwedi, amene anamwalira zaka zinayi zapitazo, ankagwira ntchito pakauntala ya famase, koma mtima wawo unali pa kuimba. Chaka china anapita ku situdiyo yaing'ono n'kujambula nyimbo khumi ndi ziwiri zopeka okha. Anabwera kunyumba ndi sidi imodzi akuseka ngati kamtsikana, akuwerenga pa zala anthu oti awapatse.

"Dikirani kaye, mayi," anatero amuna awo. "Mukangotulutsa imodzi, mawa zili m'foni ya aliyense, inu osapeza kanthu, dzina lanu osalitchula n'komwe. Ndipeze kaye njira yozitetezera."

Patapita mlungu anakopera nyimbozo m'disiki, n'kuitseka ndi pasiwedi, sidi ija n'kuithyola pakati kuti isagwere m'manja olakwika. Njira yozitetezera anaifunafuna chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mayiwo anasiya kufunsa. Lamlungu masana ankamvera nyimbozo awiriwiri pabalaza, mawindo atatseka, ndipo a Pasiwedi ankaona kuti umenewo ndiwo ulemu waukulu umene mwamuna angapereke ku mawu a mkazi wake. Ankawakonda, zimenezo tisawanamizire. Chimwalirireni mayiwo, a Pasiwedi sanayerekezenso kulumikiza disikiyo, chifukwa ankaopa kuti akamva mawuwo m'nyumba yopanda mwiniwake sadzukanso pampando.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, akupukuta fumbi pa makompyuta amene eni ake sanabwerenso kudzatenga, foni inalira. Anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kutali ndipo anali atangobereka kumene.

"Adadi, nditumizireni nyimbo za amami. Ndikufuna mwanayu amve mawu a agogo ake."

"Ndinakuuza kale, ubwere udzamvere kuno. Zinthu zikalowa m'foni sizikhalanso zako."

"Ndibwere ndi khanda la milungu itatu, ulendo wa masiku awiri?" Mawu ake anatsika. "Adadi, ine ndayamba kuiwala mmene amami ankamvekera. Ndine mwana wawo ine, si wakuba."

Mawu amenewo anawalasa. Anati chabwino, atumiza lero lomwe, ndipo anatseka kachipinda kaja dzuwa lili pamutu n'kupita kunyumba.

Madisiki anali awiri, m'kabati ya kuchipinda, pansi pa mabulangete. A Pasiwedi sanali munthu wosunga chinthu pamalo amodzi. Zoterozo ankasekera nazo makasitomala. Anatenga yoyamba n'kuilumikiza. Inazungulira, n'kumveka kuti tiki, tiki, tiki, kenako zii. Anaizula, n'kusintha chingwe, n'kuyesanso. Tiki, tiki, tiki. Phokosolo ankalidziwa bwino. Kambirimbiri anauzapo anthu, mwina mosangalala pang'ono, kuti disiki ikayamba kulira choncho ndiye kuti yafa.

Sanade nkhawa kwambiri, poti yachiwiri inalipo. Anailumikiza, ndipo inadzuka bwinobwino n'kufunsa pasiwedi. Apo m'pamene manja awo anaima pamwamba pa kiyibodi.

Pasiwedi ya disiki yachiwiriyo sinali ya m'mutu. Anachita kuipangitsa ndi kompyuta, zilembo ndi manambala makumi asanu ndi limodzi zosakanikirana, kuti wakuba ngakhale atayesa moyo wake wonse asaipeze. Papepala sanailembe, chifukwa pepala limabedwa. Pa intaneti sanaisunge, chifukwa ankati kumeneko n'kusungitsa katundu kwa munthu amene sunamuonepo nkhope. Anaisunga pamalo amodzi okha amene ankawakhulupirira: m'disiki yoyamba ija.

Munthu wamba sakanalakwitsa chonchi. Iye akanangolemba tsiku lake lobadwa, kapena dzina la galu, n'kumata kapepala pansi pa tebulo, ndipo lero bwenzi akumvera nyimbo. Kuti munthu adzitsekere kunja mwaukhondo chotere pamafunika maphunziro.

Masiku atatu sanatsegule kachipinda kawo. Anayesa nzeru zonse zimene ankadziwa, ndi zina zimene ankanyoza akamva ena akuchita. Anamasula disiki yakufayo n'kupeza mbale yake yam'kati itakalika mzere wozungulira, fumbi lake lili mbuu. Yachiwiri ija inali pambali, yamoyo, kagetsi kake kakuphethira, nyimbo zonse khumi ndi ziwiri zili momwemo, ndipo loko wake anali wabwino kwambiri moti ngakhale mwiniwake sakanamuthyola. Mwana wawo anaimba kanayi. Ankangoiyang'ana foniyo mpaka itasiya yokha. Chisoni chimene anamva chinaposa cha pamaliro, chifukwa pamaliro panalibe chimene iwo analakwa.

Tsiku lachinayi anapita kumene kunali situdiyo kuja. Anapeza muli malo ometera. Wometayo anati mwini situdiyo anasamuka kalekale, makompyuta ake anagulitsa, ndipo kumene ali palibe akudziwa.

"Koma bwanji osafunsa obena nyimbo, bambo?" anatero akupukuta lumo. "Anthu amene aja amakhala ndi chilichonse."

A Pasiwedi anangotuluka. Koma m'njira mawuwo anawatsatira. Kodi si iwo omwe ankalalikira zaka zonsezi kuti mbavazi sizisiya kanthu, kuti zimaba ngakhale mu situdiyo momwe nyimbo isanatuluke? Kwa nthawi yoyamba anapemphera kuti ulaliki wawo ukhale woona.

Kuwoloka msewu uja kunawatengera nthawi. Anaima kaye pakhomo pa telala ngati akuyang'ana nsalu, kenako anadutsa ambulera yofiira ija n'kukafika pakona, n'kubwerera. Rimikisi anali atawaona kale. Anatsitsa sipika n'kupinda manja.

"Mwabwera nawo apolisi, kapena akubwera m'mbuyo?"

"Ndabwera ndekha, achimwene."

Rimikisi anatukula nsidze. Zaka zonsezi anali "iwe", lero wasanduka achimwene. Anakoka kampando kapulasitiki ndi phazi n'kukankhira kwa iwo. A Pasiwedi anakhala, ndipo akuyang'ana pansi anafotokoza zonse: madisiki awiri, pasiwedi, mwana ndi khanda. Ankayembekeza kusekedwa, ndipo anali atakonzeka kupirira. Koma mnzawoyo sanaseke.

"Mayi a ku famase aja?" anafunsa. "Dikirani."

Anawerama n'kutulutsa katoni pansi pa tebulo, modzaza madisiki akale okulungidwa m'mapepala. Anasankha imodzi n'kuilumikiza ku kompyuta yake yafumbiyo, ya sisitimu yopanda chitseko ija, imene inatsegula mawindo atatu otsatsa malonda isanachite china chilichonse. A Pasiwedi anaona zimenezo, pakamwa panayabwa, koma anadzigwira. Rimikisi anatsika ndi mndandanda wautali, n'kuima, n'kudina.

Gitala anayamba, kenako mawu. Anatuluka m'sipika yaikulu ija n'kudzaza msewu wonse, pamwamba pa mahutala ndi phokoso la makina a telala. A Pasiwedi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu amenewa anali asanawamvepo panja. Sankadziwa kuti anali aakulu chotere, kuti ankatha kufika tsidya lina la msewu osatopa. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Zilipo zonse khumi ndi ziwiri," anatero Rimikisi. "Nambala ya mwana wanu ndi chani? Ndimutumizire pompano."

Anamuuza nambalayo. Sanafunse ngati njira yake inali yotetezeka. Anangoyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda mpaka kumapeto, kakhumi ndi kawiri. Mtima utakhala pansi pang'ono, khalidwe lakale linadzuka, ngakhale linadzuka lofooka.

"Munaziba ku situdiyo?" anafunsa. "Sindikukalipa ayi. Ndingofuna kudziwa."

"Kuba?" Rimikisi anapukusa mutu. "Anabweretsa okha mayi. Anabwera ndi sidi m'chikwama, ali ndi yunifolomu ya ku famase, akucheukacheuka kuyang'ana chitseko chanu. Anati ndikopere msanga chifukwa sidiyo ikufunika kunyumba madzulo. Anati aliyense wofuna ndizimuikira, koma bambo asadziwe, angakhumudwe."

A Pasiwedi anayang'ana tsidya la msewu. Kuchokera pomwe anakhalapo chitseko chawo chinkaoneka bwinobwino, ndi loko wake wamkulu, ndi chikwangwani chimene analemba okha chochenjeza anthu za mavairasi.

"Ndiye mwezi uliwonse ankadutsa pano akaweruka," anapitiriza Rimikisi. "Ankayerekeza ngati akuyang'ana mafulashi, kenako n'kufunsa chapansipansi kuti, 'Achimwene, alipo wafunsa nyimbo zanga?' Mpaka mwezi umene anadwala uja."

"Inu munkati chiyani?"

"Ndinkati ambiri, mayi. Ndinkati dzulo lomweli abwera atatu. Ankapita akumwetulira."

Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri n'kuyamba. Anthu ankadutsa ndi zikwama zawo, ena akuyankhula pafoni. Mayi wina anaima pafupi ndi tebulo, a Pasiwedi n'kutukula mutu, koma iye ankangomanga chingwe cha nsapato.

"Nanga zoona zake?" anafunsa a Pasiwedi.

Rimikisi anakanda m'mutu. Ankaoneka kuti akufunafuna bodza lina labwino, koma nkhope ya munthu amene anali patsogolo pake sinali yoti n'kuinamiza.

"Bambo, anthu amafunsa nyimbo imene anaimvapo penapake. Izi akanazimva kuti?" Anatsitsa maso. "Zaka zisanu ndi zitatu zili m'katonimu. Woyamba kufunsa ndinu."

A Pasiwedi anakhalabe pakampando kapulasitiki kaja, manja ali pamaondo, mpaka nyimbo ya khumi ndi chiwiri inatha.