Dzungu la Kuseri kwa Bafa

A Akabiwa Kalaluka anafika pa Petauke mu 1975 ndi mkazi wawo Sepiso, sutikesi imodzi, ndi buku lonenepa la zaukhondo limene ankalikhulupirira kuposa katekisimu. Kwawo kunali kutali, ku Mongu. Ntchito yawo inali yoyendera komboni ya antchito a paboma: kusuzumira m'zimbudzi, kuyeza madzala, kukalipira eni zithaphwi. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali loti chilichonse chosayenda mumzere chinkawawawa m'maso.

Dimba lawo la kuseri kwa nyumba linkachitira umboni. Mabedi asanu, oyezedwa ndi chingwe. Repu mzere wake, anyezi mzere wake, tomato aliyense womangirira kukamtengo kake. Bwalo losesedwa kawiri patsiku, njerwa za m'mbali zopakidwa laimu. Munthu ukalowa pamenepo unkachita kuyang'ana kaye mapazi ako.

Tsidya lina la mpanda wa udzu kunkakhala amai Consolata Daka, mkazi wamasiye wa ku Nyalugwe, amene ankasunga nyumba ya mwana wawo Gideon, dalaivala wa lole yemwe pakhomo ankangopaonera m'njira. Kwa maiwa kunalibe za chingwe. Chimanga, therere, bonongwe, nyemba zokwera, zonse zinkakhalira pamodzi, ndipo pansi ponse pankayanga maungu. Maungu ake sanali wamba. Masamba ake anali a mawanga oyera, dzungu lake la khosi lalitali, lotuwa kunja, lofiira m'kati, louma bwino ngati mbatata. Nthanga zake anapatsidwa ndi amai awo tsiku lolowa m'banja, zitamangidwa pakansalu. Amai awowo anamwalira kalekale, ndipo kumudzi mbewuyo inatha chaka chimene njovu zinasesa minda. Chaka chimene a Kalaluka anafika, makoswe anali atadya zosunga, moti amai Daka anabzala nthanga zisanu ndi ziwiri zotsala, osasiyako ngakhale imodzi. Komboni yonse inkadziwa zimenezi, chifukwa maiwa sankatopa kufotokoza.

Mu Januwale kunabwera kalata yoti chimanga chonse cha m'komboni chidulidwe chifukwa chimaweta udzudzu. Kalatayo inatchula chimanga basi. A Kalaluka anatsogolera amuna anayi a zikwakwa, kapitawo wawo Febian, ndipo tcheyamani wa chipani ankatsatira pambuyo manja ali kumbuyo. Atafika kwa amai Daka, Febian anaima.

"Bwana, na maungu tidule?"

"Zonse," anayankha a Kalaluka. "Udzudzu suwelenga kalata."

Amai Daka anatuluka manja ali ndi thovu la sopo, nagwada pakhonde. "Bambo Kalaluka, chimanga dulani, boma yakamba. Koma maungu aya nisiyileniko. Ni mbeu ya amama, ilibe kwina."

A Kalaluka anaponya diso kwa tcheyamani. Mlendo wa chigawo china, woti chaka sichinathe, aoneke wofewa pamaso pa chipani? "Amai, lamulo ni lamulo," anatero.

Zikwakwa zinalira. Amai Daka sanalire. Anatenga dengu, natola masamba a maunguwo limodzilimodzi, nawafutsa, nawayanika padenga masiku amene dzuwa linkatuluka.

Patapita masabata atatu, a Kalaluka akupalira kuseri kwa bafa, anapeza chinthu chimene sanachibzale. Nthambi imodzi ya maungu aja inali itadutsa pachibowo cha mpanda kalekale, nimera mizu yakeyake mbali yawo, pamalo onyowa ndi madzi osamba. Inali ndi kadzungu kamodzi ngati chibakera. Anakweza khasu, nalitsitsa. Anati awauze amai Daka madzulo. Madzulo atafika anati mawa. Koma akanauza bwanji? Komboni ikanamva kuti woyendera ukhondo akusunga kuseri kwake chimene anadula kwa anzake. Anatenga udzu wouma nakaphimba.

Dzungulo silinkadziwa za manyazi a munthu. Linakula mu Febuluwale, linatuwa mu Malichi, pofika masika linali lalitali ngati mkono. Sepiso analipeza akutaya madzi.

"Ili ndi la amai Daka," anatero m'Chilozi, motsitsa mawu. "Tiwapititsire. Simumva mmene akudandaulira mbewu?"

"Tikawapititsira, mawa anthu onse adziwa."

"Nanga likhale pamenepo mpaka liwole?"

"Liphike," anatero a Kalaluka. "Lithe, tiiwale."

Analiphika Lamulungu m'mawa, amai Daka atapita kutchalitchi, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Ndipo linakoma. Chopweteka chinali chimenecho: likanakhala lamadzimadzi, bwenzi atadzikhululukira. Sepiso anadya kachidutswa kamodzi nasiya. A Kalaluka anasonkhanitsa makoko ndi nthanga zonse, napita nazo okha kudzala la pakona pa mpanda, nazikwirira ndi phulusa ndi zitosi za nkhuku, napondaponda kuti pasaoneke kanthu. Munthu wa buku lonenepa, osazindikira kuti wangobzala!

Nyengo yachisanu inafika. Amai Daka anakwera basi kupita ku Nyimba, nayenda wapansi kukafunsa abale a ku Nyalugwe ngati wina anatsala ndi nthanga ngakhale ziwiri. Anabwerako patatha sabata, mapazi otupa, m'manja mulibe kanthu. A Kalaluka anawaona akulowa pachipata ndipo anathawira m'nyumba ngati aiwala chinachake.

Mu Julaye Sepiso anachira mwana wamkazi. Nthawi yomweyo repu wa m'mizere uja anagwidwa nsabwe, mpopi wa m'komboni unayamba kutulutsa mphepo yokha, ndiwo zinasowa. Tsiku lina masana amai Daka anaodira pakhomo atanyamula mbale yovundikira ndi chikwatu chamasamba.

"Nabweletsa mfutso wotendela, amake mwana adye, mkaka ubwele," anatero. "Ni wa maungu aja. Ndiye wotsiliza."

A Kalaluka analandira ndi manja awiri, nathokoza akuyang'ana pansi. Anadya nawo, poti kukana kukanafuna chifukwa. Anachita manyazi oti sanawachitepo chibadwire, manyazi otentha m'makutu, ndipo choipa chinali choti panalibe wowakalipira. Wina akanawatukwana, bwenzi atapeza poyankhira.

Sizinathere pomwepo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Kalaluka anatumidwa ku Nyimba masabata awiri. Pobwera anali atataya kale mtima kuti dimba lapsa. Analipeza lobiriwira, mabedi ataphimbidwa ndi udzu. Sepiso anati amai Daka ndiwo ankatunga madzi kuchitsime m'mawa uliwonse, ndowa pamutu, kuthirira tomato wa munthu amene anawadulira maungu. Kuyambira tsiku limenelo a Kalaluka anayamba kuzungulira njira ya kumsika popita kuntchito, kuopa moni wa pampanda.

Chizimalupsa chinagwa mu Novembala, fumbi linagona, bwalo linanunkhira dothi. Patapita sabata, pa dzala paja panatuluka timbewu ta masamba awiriawiri. Tsamba lachitatu litatambasuka, a Kalaluka anakhala pansi pomwepo ndi buluku la kuntchito. Mawanga oyera. Anawerenga mitengo isanu ndi inayi. Kuzula kunawakanika, dzanja linkangobwerera lokha. Kuulula nako kunawakanika. Anapachika masaka akale pampanda kuti kwa amai Daka kusaoneke kanthu, nauza Sepiso kuti akutchinga mphepo. Sepiso anangowayang'ana nthawi yaitali.

Januwale anabweranso ndi kalata yake. M'mawa wa tsiku lodula, Febian ndi anzake anali pamsewu akunola zikwakwa, tcheyamani ali pomwepo, ndipo poti nyumba ya bwana inali yoyamba pamzere, anayenera kuyambira pamenepo. A Kalaluka anazemba kupita kuseri kuti aone ngati angaphimbe dzalalo ndi malata akale. Maungu anali atayanga pakona ponse, chiluwe chili mbuu.

"Bambo Kalaluka."

Mawuwo anachokera tsidya la mpanda. Amai Daka anali atakankha saka limodzi. M'dzanja anagwira nthambi ya masamba a mawanga, imene inadutsa pansi pa masakawo niyanga m'bwalo lawo.

"Yabwela yeka dzulo," anatero. "Yaziwa kwao."

A Kalaluka anavula chipewa. Chinyanja chonse chimene anaphunzira chinawathawa, anatsala ndi mawu ochepa. "Amai, ninalakwa. Dzungu imozi inapulumuka kuno. Sininakuuzeni. Tinadya."

"Niziwa," anatero amai Daka. "Tsiku ija munaphika ninabwelela panjila ya kutchalitchi, ninaiwala kolona. Fungo ya dzungu ya amama ningaiphonye? Ninakhala apa pakhonde mpaka munatsiliza."

A Kalaluka analakalaka dzala lomwelo litatseguka n'kuwameza. Mfutso uja, ndowa zija za mu Okutobala, moni wa tsiku ndi tsiku, zonse zinachitika maiwa akudziwa.

"Nanga bwanji simunakambe?" anafunsa.

"Ninali kuyembekeza kuti mukambe ndimwe. Nthanga munataya kuti, ndiye zamene n'nali kufuna kufunsa. Koma mukanayankha bwanji?"

Chipata chinalira. Febian analowa ndi amuna ake, tcheyamani pambuyo, ndi amai angapo a m'komboni amene sankaphonya zoterezi. Febian anayang'ana dzalalo, nayang'ana bwana wake, nakweza chikwakwa pang'ono.

"Zonse, bwana?"

A Kalaluka anapita nakaima pakati pa maunguwo, nsapato zopolisha zikumira m'phulusa lonyowa. "Kalata ikamba chimanga chabe. Aya ni maungu."

Febian anakanda m'mutu. Sanali wamwano, anangofuna kumvetsa. "Nanga chaka chatha, bwana, ya amai Daka siyanali maungu?"

Tcheyamani anatsokomola. Sepiso anaima pakhomo mwana ali kumsana.

"Yanali maungu," anatero a Kalaluka mokweza, kuti asadzafunsidwenso. "Kalata siinakambe. Ndine ninakamba. Aya ni yao, yanamela pa nthanga za dzungu yamene ninabisa na kudya."

Wina mwa amai aja anati "Hee!" nagwira pakamwa. A Kalaluka anadziwa kuti dzuwa lisanafike pamutu nkhaniyo ikhala itafika kumsika, ndi kuti ana a m'komboni awapatsa dzina limene lidzawatsatira mpaka tsiku losamutsidwa. Anatembenukira kumpanda nafunsa amai Daka ngati angakumbe mitengoyo ndi dothi lake n'kuwapititsira.

"Maungu sitiwokela, yangafe," anatero amai Daka. "Yakhale pamene yamela. Imwe chosani chabe masaka aya, niziyaona."

A Kalaluka anayika chipewa pansi. Komboni yonse ikuyang'ana, anayamba kumasula masakawo limodzilimodzi.