Thabwa Loyezera Madzi

Lachinayi m'mawa thabwa linasonyezanso 40. A Clive Pennock anatsitsa magalasi oonera patali, anawapukuta ndi mpango wa m'khosi, n'kuyang'ananso. 40 yemweyo. Lolemba anali 40, Lachiwiri 40, Lachitatu 40, chikhalirecho mvula inali isanapume chiyambire Januwale, ndipo mtsinje unali utasefukira m'dambo lonse la mbalame mpaka mipanda inangotsala timitu ta mitengo.

A Clive anali atayang'anira dambolo modzipereka kwa zaka khumi ndi zinayi. Malipiro ake anali mphepo yobaya m'mafupa ndi kiyi wa pageti, amene ankamuvala m'khosi pa chingwe chofiira. Ntchito ya nyengo yachisanu sinali yovuta: kuwerenga madzi pa thabwa, kulemba m'buku, ndipo akafika pa 90 kuimbira foni a Dermot, mkulu wa malowo, kuti mahatchi asanu ndi atatu amene amadya udzu pa chitunda cha pakati atulutsidwe njira isanamire. Mwana wa kupulaimale akanaitha ndithu.

Vuto linali loti a Clive, pa zaka 73, anali atayamba kudziopa okha. Mwezi wathawo anapeza magalasi awo a maso m'firiji, pambali pa batala. Mwana wawo Rhona anali atawapezera kale tsiku loonana ndi dokotala, ndipo Lamlungu pafoni sanapite m'mbali.

"Adadi, kiyi uja mukabweze. Tsiku lina mudzagwera m'madzi muli nokha, ife n'kumva kwa apolisi."

"Mutu wanga uli bwinobwino."

"Nanga dzulo munandiimbira katatu kundifunsa chinthu chimodzi bwanji?"

Anamaliza pogwirizana kuti akadzalakwitsa chinthu chimodzi chokha kudamboko, kiyi adzabweza popanda kukangana. A Clive anavomera mwamphamvu, poti ku dambo anali asanalakwitsepo kanthu.

Ndiye lero anaima pa mtumbira wotchinga madzi, mutu utaima. Benchi imene anakhalapo Lolemba pomwa tiyi inali m'madzi, kungotsala choyedzamira chake, bakha atakhalapo. Koma thabwa, uko pa kadoko komangirira bwato, linkati madzi sanakwere ngakhale chala chimodzi. Anatsegula buku. Dzanja linali lawo, manambala anayi ofanana otsikira pansi. Kodi ankawerengadi thabwalo, kapena ankangokopera za dzulo? Kodi Lachiwiri anabwera n'komwe? Anayesa kukumbukira Lachiwiri, anangopezamo mvula, ndipo mvula inali ya masiku onse. Mantha anawagwira, mantha enieni.

"Madala, mwaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa bwanji?"

Anali a Moira Tasker, anzawo pantchito yodziperekayi, amene kale ankayendetsa basi ya mumzinda ndipo mawu awo anali adakali a munthu wolankhula injini ikulira. Chimfine chinali chitawagoneka sabata yathunthu, mphuno ili psuu.

A Clive anangowapatsa magalasi oonera patali aja.

"Tandiwerengerani thabwa lija."

"Maso atha?"

"Ingowerengani, mayi inu."

A Moira anayang'ana nthawi yaitali, akufwenthera. "40."

Mwachisangalalo, a Clive anagwira phewa la a Moira. Anawaonetsa bukulo. A Moira anayang'ana buku, anayang'ana benchi, anayang'ananso thabwa.

"Aaa, izi ndiye ziti? Benchi yamira koma madzi sanakwere?"

"N'zimene zandiimitsa pano."

"Mwina benchi ndiyo yatitimira m'matope."

"Ndi mipanda yomwe? Ndi msondodzi uwo?"

"Kaya. Mwina mphepo ikukankhira madzi mbali ino."

"Madzi a dambo limodzi angakwere kuno, uko n'kukhala pansi? Si mbale yopendeketsa imeneyi."

"Ine ndinkayendetsa basi, a Clive, za madzi musandifunse. Mwina chimfinechi chandilowa m'maso, tonse tikuona zathu."

Anasiya kukangana ataona mahatchi. Onse asanu ndi atatu anali ataunjikana pamwamba penipeni pa chitunda, michira ku mphepo, ndipo mitengo yoyera yosonyeza njira yotulukira inkangooneka nsonga zokha. A Moira anaimba foni pomwepo. A Dermot nawo anasokonezeka, mawu awo akumveka pa foni yonse.

"Koma madzulo alionse a Clive akunditumizira 40."

"Thabwa likuti 40, ine ndaliona ndi maso angawa. Koma mahatchi anu atsala pang'ono kusambira. Bwerani ndi mlimi wokuthandizani kuwatulutsa uja, za manambala tikambirana pambuyo."

A Dermot anati afika pakatha ola. A Clive sakanatha kudikira ola lonse ndi funso limeneli m'mutu. Anatsitsa kabwato kachitsulo kamene kamagona pamtumbira, onse awiri anavala majekete oyandamitsa, ndipo a Clive anapalasa kulunjika ku kadoko, a Moira akuwongolera ndi pakamwa ngati ali pa chiwongolero cha basi. Anadutsa pamwamba pa mpanda, nkhafi ikukhudza waya. Atsekwe anadzuka ndi phokoso n'kukateranso patsogolo pang'ono. Dambo limene a Clive ankalidziwa tsinde ndi tsinde linali madzi otuwa okhaokha, ndipo kawiri konse anasokonezeka kuti mtsinje weniweni uli mbali iti.

Atafika, a Moira anagwira chingwe, a Clive n'kuponda pa matabwa a kadoko. Kadokoko kanatepa. Anaponda mwamphamvu, kanatepanso, madzi akuchita khuvukhuvu kunsi. Anagwada n'kusuzumira. Pansi pa matabwa panali migolo yabuluu inayi, ikuyandama. Mizati yachitsulo ya m'makona, imene m'chilimwe imapitirira mutu wa munthu, lero inkalekeza m'mawondo. Kadoko konse kanakwera ndi madzi, kutsetsereka pa mizatiyo, ndipo thabwa loyezera linali lokhomedwa m'mbali mwake, likukwera nawo. Likanasonyeza 40 ngakhale madzi atafika pa denga la tchalitchi.

A Clive anaseka mpaka misozi, atagwada pomwepo. Si mutu wawo. Masiku anayi onse anawerenga zoona, analemba zoona. Rhona amve zimenezi madzulo ano.

"Koma abale," anatero akupukuta maso, "chitsiru chake n'chiti chokhoma thabwa loyezera madzi pa chinthu choyandama? Taonani, misomali isanu ndi umodzi, yokhoma mosamala, ngati munthu wodziwa ntchito. Munthu ameneyu timufufuze. Asadzagwirenso hamala m'dambo muno. Mahatchi akanafa chifukwa cha iye."

A Moira, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale pamaliro, anayang'ana kumbali. Ankapotokola chingwe cha bwato m'manja.

"Mukumudziwa eti? Ndi anzathu obwera Lachiwiri aja, odula minga aja?"

"A Clive, mukuseka kapena mukufunsadi?"

"Ndikufunsa."

"Tinali awiri. Ine ndinagwira thabwa, inu mukukhoma."

A Clive anawayang'ana, kumwetulira kudakali pankhope, kukudikira kuti nthabwala ithe.

"Mu Ogasiti," a Moira anapitiriza motsitsa mawu. "Mtengo wakale umene panali thabwali unawola. Dambo linali louma gwa, kadoko kali phee pamatope, migolo itakwiririka ndi udzu. Tonse sitinaganize, ine ndi inu. Linali tsiku lanu lobadwa. Ndinabweretsa keke ya jinja, tinadyera pompano, miyendo ili lendelende. Munadzimenya chala ndi hamala n'kutukwana mpaka abakha anathawa."

A Clive anayang'ana chala chawo chachikulu chakumanzere. Chikhadabo chinali ndi kamzere kakuda chakunsonga, kamene anakhala akukaona miyezi yonseyi osadziwa kuti kanachokera kuti. Anafunafuna m'mutu keke ya jinja, dzuwa la Ogasiti, hamala. Munalibe kanthu. Kulakwitsako sikunawapweteke kwenikweni, poti aliyense akanalakwitsa choncho, a Moira omwe analakwitsa nawo. Chinawapweteka n'choti tsiku lathunthu, tsiku labwino, linachoka osatsanzika, ndipo iwo sanadziwe n'komwe kuti lasowa.

"Inali yokoma?" anafunsa.

"Munadya zidutswa zitatu."

Pobwerera anapalasa a Moira. Ali pakati pa madzi, a Clive anavula chingwe chofiira m'khosi n'kuchiika pa miyendo ya anzawo.

"Musafulumire, madala. Mlandu ndi wa tonse awiri."

"Inu mukuukumbukira. Tengani."

A Moira anaika kiyi m'thumba la jekete.

A Dermot anafika ndi mlimi, ndipo mahatchi anatuluka mmodzimmodzi, madzi akuwalekeza m'mimba, womaliza akukana mpaka anachita kumunyengerera ndi ndowa ya chakudya. A Dermot atamva za thabwa anagwira kumutu n'kuseka, nati chilimwe chikubwerachi akhoma lina pa mzati wa simenti. Sanafunse kuti anakhoma ndani. Ananyamuka ndi mlimi kutsatira mahatchi, n'kusiya awiriwo kuti atseke.

Kunja kunali kutayamba kuchita mdima ngakhale inali isanakwane folo koloko. Pa geti a Clive anakoka chitseko, anazunguliza tcheni kawiri monga mwa masiku onse, n'kupisa dzanja m'khosi. Anasisita pansi pa mpango. Anafufuza thumba lakumanja, lakumanzere, la m'kati, kenako anabwereranso m'khosi.

"Taimani kaye, a Moira," anatero. "Kiyi uja ndinali naye m'mawa. Ndinali naye ndithu."

A Moira anaima kumbuyo kwawo, dzanja lili m'thumba la jekete, litafumbata chingwe chofiira. Anadikira pang'ono kuti mwina akumbukira okha.