Nyimbo za M'basi

Yeom Dal-ho anali munthu woti akamva chimbale kamodzi, mlandu watha, waweruza kale. Kwa zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu anali ndi kanyumba ka khofi pamwamba pa sitolo ya nsapato mumzinda wa Daegu, komwe anthu ankabwera kudzamvera nyimbo. Zimbale zinadzaza khoma mpaka kudenga, ndipo m'chikuto cha chilichonse munali kapepala kolemba iye mwini.

Pa chimbale china cha jazi cha 1959 analemba kuti, "Mbali yoyamba waimba ndi munthu wanzeru. Mbali yachiwiri ndi munthu yemweyo, koma ali ndi njala." Pa cha anyamata a magitala aphokoso a m'ma 70 anati, "Kukwiya amadziwa, chimene akukwiyira ndiye sachidziwa. Koma wa ng'oma yekhayo mulekeni." Nyimbo zimene ophunzira ankaimba m'misewu m'ma 80 ankati zimanena zoona ndi mawu oipa. Za ana a masiku ano ovina m'mizere ankangoti zinaphikidwa ndi makina.

Zonsezi ankazinyoza akuzikonda. Zimene ankadana nazo zenizeni zinali za tiroti, nyimbo zija zolira mokoka mawu zimene zimamveka m'misika ndi m'mabasi a azimayi opita kokayenda. Mlendo akalakwitsa n'kupempha imodzi, Dal-ho ankavula magalasi.

"Akulu, depoti ya basi ili kuseri kwa msika. Mwasochera."

Anthu ankaseka. Mkazi wake, Geum-nye, amene ankaphika khofi kuseri kwa kauntala, ankamwetulira n'kumupatsa mlendoyo bisiketi yowonjezera. Dal-ho akamufunsa kuti, "Ndanama kodi, amayi?" iye ankati, "Mwanena zoona, abambo," n'kupitiriza kupukuta makapu.

Matenda oiwalaiwala anamuyamba Geum-nye pang'onopang'ono. Anayamba kuthira mchere m'khofi, kenako tsiku lina anapezeka ataima pamphambano atanyamula ketulo, osadziwa kolowera. Dal-ho anatseka kanyumba kaja n'kumusamalira yekha zaka ziwiri, mpaka msana unamukana. Ndiye anakamusiya kunyumba yosungirako okalamba, paphiri chakumpoto kwa mzinda.

M'mawa uliwonse ankapitako atanyamula kagalamafoni kam'manja ndi chimbale chimodzi chimene wasankha dzulo lake. Anayamba ndi cha piyano chimene chinkaimba tsiku limene anaonana koyamba. Geum-nye ankangoyang'ana zikhatho zake. Anayesa jazi, anayesa mavayolini, anayesa nyimbo za mayi wina wa mawu aakulu amene ankakhulupirira kuti mkazi wake ankamukonda. Miyezi inayi inatha choncho, ngati akuimbira mwala.

Lachinayi lina anafika msanga. Ali m'khonde anamva tiroti ikuchokera pa wailesi ya m'chipinda chodyera, ndipo pamwamba pa wailesiyo panali mawu a munthu wamkazi, osasa pang'ono koma osaphonya. Anasuzumira. Anali Geum-nye. Ankaimba mawu onse, ndime ndi ndime, akumenya bondo ndi chikhatho, mapewa akugwedezeka. Mkazi amene sankadziwanso dzina la supuni.

Mayi Seol, wosamalira odwala pamenepo, anamuona ataima pakhomo.

"Agogo aamuna, lowani! Mwawaona anzanu lero?"

"Mukumumvetsa zinyalala zimenezi bwanji?" anatero Dal-ho. Mawu anatuluka okha, mwachizolowezi.

"Zinyalala? Inu ndi zimbale zanu zakudazo mwabwera miyezi ingati, anayamba atsegulapo pakamwa? Khalani pansi apa, musatiwonongere phwando."

Sanakhale. Anatsika phiri n'kulunjika kumsika, komwe Mal-ja, mng'ono wake wa Geum-nye, ankagulitsa nsomba zouma. Anamupeza akudya chakudya chake chotentha pambali pa benchi.

"Alamu, nkhope imeneyo bwanji? Kwagwanji kuphiri?"

"Akuimba," anatero Dal-ho. "Tiroti. Mawu onse akuwadziwa. Anaziphunzira kuti?"

Mal-ja anaika timitengo todyera pambale.

"Mukufunsa zoona, alamu? Achemwali anapambana mpikisano woimba kwathu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anawina mphika wophikira mpunga. Ukwati uliwonse m'mudzi mwathu ankaimba ndi iwo."

"Sanandiuzepo."

"Anakuuzani. Musanakwatirane anakuimbirani imodzi m'mbali mwa mtsinje, inu n'kuseka mpaka kugwira pamimba, amvekere, 'Mumawatsanzira bwino anthu a m'basi.' Iwonso anaseka nawo. Akanatani? Anali atakukondani kale."

Dal-ho anafufuza tsikulo m'mutu mwake. Mtsinje anaukumbukira, ngakhale malaya achikasu amene Geum-nye anavala. Nyimboyo sanaikumbukire.

"Nanga Lachitatu lililonse ankati akubwera kudzakuthandizani kukonza kabichi wowawasa uja wa kimichi..."

"Kabichi chaka chonse, alamu? Inu ndi nzeru zanu zonsezo? Ankabwera kwathu, tinkatseka mawindo, n'kuimba mpaka mawu kutha. Makaseti awo ali pansi pa bedi langa."

Madzulo ake Mal-ja anamupatsa katoni ya nsapato yodzaza makaseti, ndi wailesi yakale yomangidwa ndi labala pakachitseko ka kaseti. Dal-ho anakhala masiku atatu osapita kuphiri. Anamvera kaseti iliyonse kuyambira poyamba mpaka pothera, monga ankachitira ndi chimbale chatsopano. Ambiri anali oipadi, sakanadzinamiza: ng'oma za makina, malipenga a bodza. Koma panali imodzi ya 1968, yofufutika chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ankaimba mayi wina ndi gitala mmodzi ndi akodiyoni basi. Pa nyimbo yachitatu mayiyo ankafika pa liwu lokwera, n'kulisiya lisanathe, ngati munthu amene wakumbukira kuti ana ali m'tulo. Dal-ho anaibwereza kasanu ndi kawiri. M'zimbale zake zonse munalibe woimba amene anachitapo zimenezo.

Tsiku lachinayi anakwera phiri ndi wailesi ija. Geum-nye anali pampando pafupi ndi windo. Dal-ho anaika kaseti ya 1968 ija, n'kudina.

Gitala atangoyamba, mutu wa Geum-nye unadzuka. Anaimba nyimbo yoyamba yonse ndi yachiwiri. Pa yachitatu anasiya liwu lija pamalo pomwe mayi wa m'kaseti analisiya. Kenako anatembenuka, n'kumugwira Dal-ho pamkono.

"Achimwene, tatsitsani pang'ono," ananong'ona. "Amuna anga akwera masitepe pompano. Izi sazikonda."

Dal-ho anaweramira kwa iye.

"Amuna anuwo ndi chitsiru."

"Aaa, musawanyoze!" Anamumenya padzanja. "Mukuwadziwa inu? M'Daegu monse muno palibe wodziwa nyimbo ngati iwo. Kungoti izi zimawapweteketsa mutu. Tsitsani."

Anatsitsa. Geum-nye anapitiriza kuimba motsitsa mawu, maso ali kuchitseko. Kasetiyo itatha, Dal-ho anatuluka n'kukakhala pa benchi ya m'khonde, chipewa atachiphimba kumaso. Mayi Seol anadutsa ndi ngolo ya mankhwala, anaima pang'ono, n'kupitirira.

M'mawa mwake anabwera atakonzeka. Anameta ndevu, anavala jekete imene ankavala kukanyumba ka khofi. Nyimbo ili mkati anagwada patsogolo pake.

"Amayi, ndine. Ndine Dal-ho, amuna anu. Nyimbo iyi ndi yabwino. Ndinalakwa ine. Imbani mokweza."

Geum-nye anamuyang'anitsitsa. Kaya inali jekete, kaya mawu, china chake chinamufika. Nkhope yake inasintha. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi yekha, mofulumira, n'kuikankhira kuseri kwa pilo.

"Mwabwera, abambo," anatero mwaulemu. "Ndikuphikireni khofi?"

Anakhala masiku awiri osaimba, ngakhale kuchipinda chodyera. Mayi Seol anamuyimitsa Dal-ho pakhomo.

"Munawauza chiyani agogo aakazi? Phala la maungu lomwe akulikana."

"Ndinawauza kuti ndine ndani."

"Ndiye musadzawauzenso," anatero Mayi Seol, koma mosakalipa.

Sanadzawauzenso. Jekete ija anaipachika, n'kumabwera ndi juzi yakale ya mwamuna wa Mal-ja. Geum-nye anamuzolowera ngati mlendo wokoma mtima wobweretsa makaseti, ndipo ankamukonda. Ankamusungira theka la nachesi, ankamuphunzitsa poyenera kupumira. "Inu achimwene khutu muli nalo, koma mawu ndiye a bakha," ankatero, n'kuseka mpaka kutsokomola. Dal-ho anali asanamuonepo akuseka choncho m'zaka zonse za ukwati wawo. Ndipo tsiku lililonse, nyimbo ikafika pokoma, ankamugwira pamkono n'kumuuza kuti atsitse.

Anatha choncho dzinja lonse. Mu Febuluwale Geum-nye anadwala chibayo, ndipo Lolemba lina m'mawa, Dal-ho ali m'njira, anamwalira. Atafika anapeza Mal-ja ali kale m'chipindamo, akupinda zovala za mkulu wake.

"Sanavutike, alamu," anatero Mal-ja. "Dzulo anafunsa za inu."

"Za ine uti?"

Mal-ja anasiya kupinda. Anafuna kunama, koma anali atamudziwa mlamu wakeyo zaka zambiri.

"Wa makaseti."

Dal-ho anagwedeza mutu. Anaika wailesi pa bedi lopanda nsalu, n'kuyamba kumuthandiza kupinda. Siketi imodzi anaipinda katatu isanalunjike.