Kankhumba ka Mawanga

Chigodola chinadutsa ku Majaua kawiri, ndipo kawiri konseko nkhumba yakuda ya Cremilda inatsala yokha m'khola. Make wa nkhumbayo anapulumukanso chimodzimodzi kale. Vuto lake inali yaing'ono, yokula ngati akuchita kuikakamiza.

Kwa Venâncio, mnyamata amene ankafuna kumukwatira, kunali nkhumba zoyera za makutu ogwa, zonenepa ukuona.

"Zanuzo ndi mabwana," Cremilda ankamuseka. "Kamphepo pang'ono, zagona."

"Nanga yakoyo? Khoswe wa ziboda!"

"Ndiye tiziphatikize. Ana atenge thupi la bambo, magazi a mayi."

Anawo iye anali atawaona kale m'maganizo: amawanga, akuthamanga pabwalo la nyumba imene Venâncio adzamange kwawo kwa Cremilda.

Koma mlangizi wa ziweto anali ataletsa kuyendetsa nkhumba, poti matenda anali atangozilala kumene. Komanso a Bernardina, amayi a Venâncio, sankalola mlendo ngakhale kusuzumira m'khola. Tsono Lamlungu lina, anthu ali kutchalitchi, Cremilda anamanga nkhumba yake chingwe kumwendo n'kudzera nayo m'munda wa chinangwa. Venâncio anatsegula khola la yamphongo. Analumbirirana kuti sauza munthu.

Posakhalitsa zoyera zija zinaleka kudya, makutu n'kufiira. Zitafa zonse, anazikwirira m'dzenje limodzi.

"Yopulumuka nthawi zina imayenda nawo matendawa, iyo ili bwinobwino," anatero mlangizi. "Munalowa nkhumba yachilendo muno?"

Venâncio anakana. Koma kuseri kwa khola, m'matope ouma, munatsala mapazi a tiziboda ting'onoting'ono, ndipo a Bernardina anawazindikira. Sanakalipe. Venâncio anangokwera shapa, minibasi ya ku Mocuba, osatsanzika.

Cremilda anadikira limodzi ndi mimba ya nkhumba yake. Inaswa ana amawanga, ndendende aja ankawalota. Mwini yamphongo amalandira mwana mmodzi, aliyense amadziwa zimenezo, ndipo Cremilda anaikapo mtima wake wonse: Venâncio akamva kuti gawo lake lafika, abwera kudzaliona. Anawo atasiya kuyamwa, Cremilda anasankha kankhumba kakakulu koposa, n'kukamangirira m'dengu panjinga.

"Odi, amayi. Ndabweretsa gawo la a Venâncio."

A Bernardina anavundukula dengu n'kuyang'ana kankhumbako nthawi yaitali. Anakasisita ndi chala chimodzi.

"Msanawu ndi wa bambo wake," anatero motsitsa.

"Koma magazi ndi a make, amayi. Mwina aka sikafa."

"Mwina. Usakatsitse, mwanangu. Khola ndinaliotcha." Anavundikiranso dengu, namanga bwino chingwe chimene chinamasuka. "Ndipo usamamudikire. Amalume ake anapita kale ku Mocuba, kukaonana ndi akwawo kwa mkazi amene wamupeza kumeneko."

Cremilda sanakwere njingayo. Anaikankha njira yonse, kudzera m'munda wa chinangwa uja, kankhumba kakulira kumbuyo, kolemera kuposa mmene kanalili pobwera.