Maluwa a Eufemia ndi Madzi a Tsabola

Chaka chimene ngalande yathu inatsala pang'ono kuuma, wogawa madzi kuno ku Mora ndinali ine, ntchito yongotukwanidwa. Banja lililonse linkalandira maola atatu pa sabata, ndipo aliyense ankathamangitsira madziwo m'munda wa tsabola, poti kuno munthu wopanda tsabola amadya nyemba ngati wolangidwa.

Mlamu wanga Onofre ndi munthu woti zaka makumi anayi ali pabanja sanaguleko ndi mpango womwe wa mkazi wake. Koma mkazi wakeyo, mlongo wanga Eufemia, atapita ku Albuquerque kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, mkuluyo anagwidwa ndi mantha kuti mwina sabwerako.

Eufemia anali ndi maluwa ofiira a m'phiri amene anabzala pamiyala kuseri kwa khitchini. M'mawa uliwonse ankakhala pamenepo ndi khofi, kuonerera chuparosa, timbalame tija timayamwa maluwa titaima m'malere. Ponyamuka anangouza mwamuna wake kuti akufuna adzapeze maluwawo ali moyo.

Aliyense amene anakwerapo phiri amadziwa kuti maluwa amenewa amakonda pouma, ukawamwetsa kwambiri amaola. Onofre phiri amalikwera, koma amangoyang'ana ng'ombe. Anakumba kangalande mpaka kukhitchini, n'kuthira maola ake onse atatu pamiyala paja.

Nditamupeza ndinamufunsa ngati mutu ukugwira, tsabola akufota uko.

"Alamu, madzi ndi anga, mkazinso ndi wanga," anatero.

Ndinangomusiya. Ndivomere, ndinkafuna kuona pothera pake, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Patatha masabata atatu mizu inaola, kuseriko kunkanunkha ngati dambo. Timbalame tinasamukira kwa aneba. Tsabola naye anauma yense.

Eufemia anabwera akuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo asanalowe m'nyumba anazungulira kuseri. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana matopewo. Onofre, chipewa chili m'manja, anayamba kufotokoza kuti sanadumphitse sabata ngakhale imodzi, kuti dontho lililonse linapita pamenepo, alongo anuwa ndi mboni.

Mlongo wanga sanakalipe. Anafunsa kaye ngati tsabola watsalako, atamva kuti ayi anagwedeza mutu.

"Abambo, maluwa onse ali m'dziko muno, mukuganiza kuti ndinasankhiranji osafuna kuthiriridwa? Ndinkadziwa munthu amene ndinakwatiwa naye."

Onofre anayesa kuseka, koma sizinatheke.